Amene Anatsala ku Chitsime

Msekeni, pafupi ndi Guilleme
Mchinji
12 Juni 2004

Masamba amene ndalandira: 96
Mitu: 6
Anthu olowa m'balani: 9
Ofa kufikira pano: 3
Otsala: 6
Mawu olakwika kalembedwe: 41
Omvera pakhonde panga: 4

Eneya mwana wanga,

Moni. Kuno tadzuka, kupatula bondo langa lomwe lija. Ndikhulupirira kuti iwe ndi mpongozi wanga muli bwino ku Blantyre. Kwayamba kuzizira. Mtedza tinakumba, tsopano tikuswa.

Phukusi lako linafika Lachiwiri ndi kondakitala wa basi uja. Unapempha kuti ndiwerenge buku lako monga ndinkawerengera makope a ana a Sitandade 8, osakunyengerera. Ndachita zomwezo, ndipo cholembera chofiira chatha inki. Unditumizire china.

Sindikuwerenga ndekha. Masana timakhala pakhonde kuswa mtedza, ine, a Luwiza, a Rozi ndi a Stelia, ndipo atsibweni ako a Timoteyo amabwera kudzadya umene ife taswa. Atandiona ndi mapepala anati ndiwerenge mokweza. Ndiye iwo amaswa, ine ndimawerenga.

Ndibwereze nkhani yako mwachidule kuti uone ngati ndaimva. Matenanti asanu ndi anayi atsala pa esiteti ya fodya m'malire. Mlatho wakokoloka ndi mvula, mwini esiteti wathawa ndi lole. Kunja kuli chinthu chimene palibe anachionapo. Chimaopa utsi wa balani, ndiye onse athawira m'balanimo. Moto ukazima chimabwera n'kuyamba kuitana mayina ndi mawu a kapitawo, monga amachitira m'mawa ntchito isanayambe. Amene wayankha kuti "Ndilipo" saonekanso.

Zabwino ndi izi. Choyamba, ng'anjo. Unakumbukira kuti moto wa balani amasonkhezera panja, choncho kuti a m'kati apulumuke, wina ayenera kutuluka. Pamenepo ndinachonga kawiri. Atsibweni ako akuti munthu sangagone m'balani moto ukuyaka, koma ndawauza kuti ndi moto waung'ono, akhale chete. Chachiwiri, nkhuni. Ndatsatira mulu wako wa nkhuni mutu ndi mutu, ndipo ukuchepa moyenera, sunabere. Mantha a buku lako ali mu mulu umenewo. A Rozi anasiya kuswa mtedza pamene anthu ako anayamba kuthyola mikangala yopachikira fodya kuti asonkhezere. Chachitatu, kuitana mayina. Ndaitana mayina m'kalasi moyo wanga wonse, ndipo ndikudziwa kuti pakamwa pamayankha pokha mutu usanaganize. Unazitenga kuti zimenezi? Ndikufuna kudziwa.

Zofooka nazi. Anthu ako sadya. Mitu isanu ndi umodzi, palibe wafunsa za mchere, palibe wapita kuthengo. Amayankhulanso ngati owerenga nkhani pa wailesi. Mayi amene amuna ake atengedwa sanena kuti, "Ndagwidwa ndi chisoni chachikulu." Amangokhala pansi. Komanso akufa tisanawadziwe. Wachiwiri uja ndinamva dzina lake pa tsamba lomwe anafera, ndiye ndimulire bwanji?

Koma bwanji unatenga mayina a anthu a m'mudzi muno? Nditawerenga kuti Timoteyo wayankha "Ndilipo" pa tsamba 38, atsibweni ako anaimirira mtedza uli m'kamwa.

"Ndafa?"

"Mwafa, alongo."

"Woyamba?"

"Woyamba."

"Mwana amene ndinamuphunzitsa njinga ndi manja angawa!"

A Luwiza anati, "Khalani pansi, malemu, mukutitchingira dzuwa." Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo ndi malemu.

A Stelia ndiwo anandidabwitsa. Ukuwakumbuka, mayi wa ku Thyolo uja. Anabwera ndi amuna awo pa utenanti, amunawo n'kumwalira chaka cha njala, 2002. Lole yobweza matenanti kwawo inanyamuka iwo ali kuchipatala, ndipo palibe anazindikira kuti asiya munthu. Pano amagona m'chigafa chakale kumapeto kwa mudzi, amadyera ganyu. Atamva dzina lawo anaphimba kukamwa ndi chitenje, n'kufunsa, "Ndi ine ndili momo, aphunzitsi?" Tsopano amafika oyamba. Pa tsamba 71 Stelia wa m'buku watuluka ndi ndowa kupita ku chitsime, ndipo mutu wachisanu ndi chimodzi watha asanabwere. Tonse tikudikira. Tumiza zotsala msanga.

Ndine mayi ako,
Esitele


Chilomoni, Blantyre
28 Juni 2004

Okondedwa Amayi,

Moni kuchokera kuno. Tili bwino tonse. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo mpongozi wanu waseka za malemu mpaka kukhetsa misozi. Muwauze atsibweni kuti woyamba kufa ndiye amakumbukiridwa ndi owerenga onse. Ndawapatsa ulemu.

Za mayina, Amayi, ndinayesa ena koma anthu ake sankayenda. Nditangolemba kuti Timoteyo, munthu anadzuka papepala n'kuyamba kudandaula. Nditalemba Luwiza, anayamba kulamula anzake. A Stelia ndinawaona pa Khirisimasi akutunga madzi, ndipo ndinkasowa munthu wopita ku chitsime. Sindimadziwa kuti mudzawerengera mudzi wonse.

Kuitana mayina ndinakutenga kwa inu. Ndili Sitandade 5 ndinabisala kuseri kwa kabati kuthawa mayeso a masamu. Inu simunandifune n'komwe. Munangotsegula kaundula, n'kufika pa dzina langa, ine ndili kuseriko ndinayankha. Kufikira lero ndimadabwa.

Zoti anthu anga sadya mwanena zoona, ndiwonjezera. Mawu olakwikawo musadandaule nawo kwambiri. Ndimataipa kuntchito anzanga akaweruka, pa kompyuta ya abwana, ndipo siidziwa Chichewa.

Nayi mitu isanu yomaliza, pamodzi ndi zolembera ziwiri zofiira. A kampani yosindikiza mabuku akuti alilandira ngati lifika Sepitembala asanathe. Chimene ndikufuna kumva kwa inu ndi chimodzi: kodi mathero ake akuopsa mokwanira? Bondo lili bwanji? Ngati mtedza wapulumuka kwa malemu, tigawireniko pang'ono.

Mwana wanu,
Eneya


Msekeni
17 Julayi 2004

Eneya,

Moni. Tili moyo. Bondo likadali lomwelo. Mtedza wako ndapatsa kondakitala, ndowa imodzi m'thumba losoka. Ukaupime, umuuze kuti ndinakuuza.

Buku tamaliza Lachinayi. Wafunsa ngati mathero akuopsa. Ndiyankha, koma ndiyambe ndi zina.

Mutu wachisanu ndi chitatu ndiwo wabwino koposa. Anthu ako akuganiza zosinthana mayina kuti chinthucho chikaitana asayankhe, ndipo masiku awiri zikuwathandiza. Kenako chikuitana mnyamata uja ndi dzina lake la ubwana, limene ankalidziwa mayi ake okha. Pamenepo a Luwiza anayang'ana kumbuyo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndemwe ndinakumbukira dzina limene agogo ako ankandiitana nalo, ndipo ndinadzifunsa ngati ndikanatha kukhala chete. Sindikanatha.

Mutu wachisanu ndi chinayi waononga zimene unamanga. Unachionetsa chinthucho. Maso ofiira, miyendo ya fisi, mano otalika. A Rozi anati, "Aa, kani ndi galu chabe?" n'kuyambiranso kuswa mtedza. Pamene tinkangomva mawu ake, aliyense ankachiona m'mutu mwake, ndipo cha m'mutu chimaposa galu aliyense. Chibwezere kumdima.

Tsopano masamu.

Analowa: 9
Anafa: 6
Anawoloka mtsinje pa mtengo wogwa, Luwiza ndi Rozi: 2
6 kuphatikiza 2: 8

Ndinabwereza kawiri. Kenako ndinatenga pensulo n'kuyenda tsamba ndi tsamba kuyambira 71 mpaka 183. Dzina la Stelia silikuonekanso. Sanafe, sanabwerere, palibe wamutchula. Ndowa nayo ziii.

Ndikuuze mmene zinakhalira pakhonde. Nditawerenga mawu omaliza a Luwiza wa m'buku, oti "Tatsala awiri basi," ndinaika mapepala pamwendo. A Stelia anati, "Pitirizani, aphunzitsi."

"Latha."

"Nanga ine?"

Ndinatembenuza tsamba lomaliza kuti mwina unalemba kuseri. Kunali koyera. A Rozi anati, "Mwina mukadali pamzere ku chitsimeko, mukudziwa mmene kumadzadzira." Palibe anaseka.

A Stelia anakutumula makoko pa chitenje pang'onopang'ono. Anati, "A Timoteyo anafa, anzawo anawakumbira dzenje, n'kuwaikira mtanda wa mikangala. Ine ngakhale chinthucho sichinandiitane dzina." Anatenga lichero lawo n'kumapita. Chichokereni sanabwerenso pakhonde. Ndikawapeza ku mjigo amandipatsa moni wa mlendo.

Ndiye inde, mathero akuopsa, koma sindikudziwa ngati ndi mantha amene unkafuna. Monga wowerenga ndili ndi dandaulo lenileni. Luwiza wako amawerenga nkhuni m'mawa uliwonse, chikuni ndi chikuni. Munthu wotero sangawoloke mtsinje osawerenga anthu. Pamenepo si masamu okha alakwika, walakwitsa munthu amene unamulenga wekha.

Koma mwina pali chimene sindikuona. Kodi unachita dala? Kodi pali mutu umene unatsalira mu kompyuta ya abwana? Kapena ukufuna wowerenga adzifunse yekha? Ndakhala ndikuganiza kuti mayi ameneyu akuchita chiyani ku chitsime nthawi yonseyi, akudya chiyani, akumva chiyani moto wa anzake ukazima. Funso langa ndi limodzi, ndipo uliyankhe usanathokoze za mtedza: Stelia ali kuti?

Mayi ako,
Esitele


Chilomoni
3 Ogasiti 2004

Amayi,

Moni, tili bwino. Mtedza wafika, wokwanira ndithu, kondakitala sanalawe.

Mwandigwira ngati kuseri kwa kabati kuja! Palibe mutu wotsalira, sindinachite dala. Ndinangomuiwala. Mutu wachisanu ndi chimodzi ndinalemba mu Febuluwale, wotsatira mu Epulo, pakatipo ntchito inachuluka. Anthu atatu awerenga bukuli kuno, mmodzi ndi wa digiri, koma palibe anaona. Mukanakhala inu wapolisi, bwenzi m'dziko muno mulibe wakuba.

Koma musavutike, ndakonza kale, ndipo sizinatenge nthawi. Ndamuchotsamo. Kompyuta ili ndi njira yofufuzira dzina paliponse pamene lili, ndiye ndafafaniza monse. Tsopano matenanti ndi asanu ndi atatu kuyambira pachiyambi, ndipo masamu anu akwana: 6 kuphatikiza 2. Kunena zoona analibe ntchito yeniyeni m'nkhaniyi. Ankangotunga madzi. Palibe adzazindikire kuti analipo.

A Stelia muwauze kuti asadandaule, ndawatulutsa m'mavuto, kulibenso chitsime. Ndidzawagulira chitenje pa Khirisimasi.

Za galu wa a Rozi ndikuganizabe. A kampani amakonda kuti pachikuto pakhale chinthu cha mano. Mundiuze ngati pali zina, nthawi yatha.

Eneya


Msekeni
16 Ogasiti 2004

Mphwanga Eneya,

Ndine malemu atsibweni ako. Moni wochokera kumanda. Kuno tili bwino, kungoti mayi ako sakundiyankhulitsa, ndipo mtedza ndikudya wogula.

Ndikulembera chifukwa zinthu zavuta, ndipo mbali ina ndi iwe, mbali ina ndi ine. Kalata yako inafika mayi ako ali ku boma kukaonetsa bondo. Ine ndinaitsegula. Ndine mwini mbumba, komanso ndinkafuna kumva ngati wandiukitsa. A Luwiza ataona envulopu anathamanga kukaitana a Stelia kuti bwerani, yankho lanu lafika. Mayi uja anabwera atasamba, atavala mpango wa kutchalitchi. Ine ndinaimirira pakhonde n'kuwerenga mokweza, ndi mawu abwino ngati katekisiti. Iwe ukudziwa kuti ine ndimawerenga kaye, kumva kumabwera pambuyo. Pamene ndinkazindikira zimene ndikunena n'kuti nditadutsa kale poti ankangotunga madzi, palibe adzazindikire kuti analipo.

A Rozi anandiponda phazi, koma mochedwa. A Stelia sanalire. Anati, "Wanena zoona mwanayu," n'kuthokoza, n'kumapita.

M'mawa mwake anakalembetsa kwa munthu amene akufuna antchito a fodya ku famu ina ya ku Zambia, kupitirira Kachebere. Mphwanga, mayi ameneyu wayandikira zaka 60 ndipo amatsokomola ngati injini ya chigayo. Nazale yokha, kutunga madzi othirira m'mawa ndi madzulo, imumaliza mvula isanagwe. Tawaletsa, akuti kumeneko dzina lawo lili papepala. Lole ibwera pamsika Loweruka pa 11 Sepitembala.

Ine unandipha pa tsamba 38 ndipo sindinakwiye kwenikweni, ndinangochita phokoso. Ku bawo anthu amandipatsa mpando. Koma izi ndi zina. Konza.

Ndatha ine,
T. Mbewe

Ndine mayi ako. Alongo anga a Timoteyo andipatsa pepalali kuti ndiike mu envulopu, ndiye ndiwonjezere pansi pano. Mawu olakwika m'kalata yawo ndawasiya, ndi asanu ndi awiri. Eneya, sindinakupemphe kuti masamu akwane. Ndinafunsa kuti munthu ali kuti. Amene wasowa samufafaniza m'kaundula, amapita kukamufuna. Ngati buku lako ndi la anthu ofuna kupulumuka, liyenera kudziwa amene lawasiya m'mbuyo. Mubwezere, ndipo wina abwerere ku chitsime. Ndikufuna ndiwawerengere lole isanabwere. Chitenje usagule. E.


Chilomoni
29 Ogasiti 2004

Amayi ndi Atsibweni,

Moni. Kalata yanu inandipeza kuntchito ndipo tsiku limenelo sindinadye. Ine ndimayesa tikukamba za mapepala.

Dzina ndalibwezera monse. Nawu mutu watsopano, wa 12. Ndaulemba kanayi. Koyamba ndinawapha bwinobwino, ndi maliro ndi nyimbo, koma mpongozi wanu anang'amba. Uwu sindikudziwa ngati uli bwino, sindinaonetse aliyense. Ndapatsa kondakitala lero, ufika Lachiwiri, nthawi ikadalipo. Muwawerengere, ndipo muwauze kuti ndapepesa. Mundidziwitse msanga ngati asintha maganizo. Sindikugona.

Eneya


Msekeni
23 Sepitembala 2004

Eneya mwana wanga,

Moni. Ndikudziwa kuti ukudikira, ndipo ukuyesa takwiya. Ayi. Envulopu yako yafika Lolemba lapitali, pa 20. Kondakitala anamusintha njira, ndipo mutu wako wa 12 wakhala ukuyenda pakati pa Lilongwe ndi Salima m'chikwama chake. Choncho tsiku la lole tinalibe pepala lililonse. Ndikufotokozera mwadongosolo.

Sabata yonse ndinkapita kumsewu kukachingamira basi. Loweruka pa 11 ndinapitanso m'mamawa, kulibe kanthu. Pobwera ndinadzera kuchigafa. Ndinapeza mosesa bwino, mafuwa ataunjikidwa pambali, chitseko chomanga ndi luzi. Ndinabwerera pakhonde n'kupeza a Luwiza, a Rozi ndi atsibweni ako atakhala, manja ali pamiyendo, mtedza palibe akuugwira.

A Rozi anati, "Ine wa m'buku uja ndikanabwerera ku chitsimeko."

"Iwe?" anatero a Luwiza. "Unawoloka pa mtengo osacheuka n'komwe. Unandiponda ndi chala."

"Anandilemba choncho ndi Eneya! Nanga iwe wowerenga nkhuni, unawerenga chiyani?"

Ine ndinati, "Lero palibe akukulembani. Basi yadutsa, ilibe kanthu."

Tinayang'anana. Atsibweni ako anapita kukatenga njinga, n'kundikweza pa kaliyala chifukwa cha bondo. Amayi awiriwo anabwera pambuyo akuthamanga, a Rozi patapata ali m'manja.

Pamsika tinapeza lole italiza kale injini. Kapitawo anaima pa tayala ndi pepala, akuitana mayina. Aliyense akaitanidwa ankati "Ndilipo," n'kuponya katundu, n'kukwera. Ndawerenga mawu amenewo mokweza kambirimbiri chaka chino, koma ndinali ndisanawamve pakamwa pa anthu okwera lole. Ndinawerenga amene anali atakwera, 23. A Stelia anali pansi, kumapeto, ndi mtolo pamutu ndi ndowa m'manja.

"Stelia Namakhwa!"

Ndinawaona akutsegula pakamwa. A Luwiza, mpweya utawathera, anakuwa msika wonse kumva.

"Musayankhe!"

A Rozi nawo, "Musayankhe, a Stelia! Tsekani pakamwa!"

Ogulitsa tomato anaimirira. Kapitawo anati, "Amayi awa ali bwinobwino?" Anaitananso, "Stelia Namakhwa!"

A Stelia anatembenuka n'kutiona, ine ndikutsika pa kaliyala ngati thumba la feteleza. Mapewa awo ankagwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Anayankhula motsitsa.

"Aphunzitsi, yankho lafika?"

"Silinafike. Tabwera ife."

"Ndikapanda kuyankha ndikagona kuti? Chigafa chija mwini wake akuchifuna chaka chino."

"M'nyumba ya Eneya. Ili ndi malata, ndipo mwini wake ali nanu ndi mlandu."

"Nanga ndikadzafa? Kuno ndilibe manda. Ndine wobwera."

Apa atsibweni ako anavula chipewa. Anati, "Za manda musiyire ine. Ndine malemu, malo ndikuwadziwa. Mbumba iyi mwini wake ndine, ndipo mawa ndikanena kwa amfumu kuti mwalowa kwathu. Mudzagona pakati pa a Mbewe, pafupi ndi ine."

"Pafupi ndi inu? Ndi mkonono umene timaumva kuchigafa uja?"

"Mudzazolowera, mayi. Nthawi idzakhalapo yambiri."

Kapitawo anaitana kachitatu, mokwiya. A Stelia anatula mtolo pansi, n'kugwira pakamwa ndi dzanja. Kapitawo uja anadula mzere papepala lake n'kunena kuti, "Palibe."

A Luwiza anati, "Alipo. Koma si wanu."

Lole inapita. Pobwerera mtolo unakwera njinga, ine ndinayenda pansi, ndipo bondo likundilipiritsabe mpaka lero.

Tsopano mutu wako. Ndawawerengera dzulo masana, onse anayi alipo. Maganizo anga ndi awa.

Wachita bwino kuti Luwiza, ali kale kutsidya, akuwerenga anthu pa zala monga amawerengera nkhuni, n'kupeza chala chimodzi chotsala. Tsopano ndi munthu yemwe uja wa mutu woyamba. Wachita bwino koposa pa chifukwa chimene Stelia wapulumukira: kapitawo sanamulembe m'kaundula, ankamuyesa katundu wa mwamuna wake, ndiye chinthucho sichinkadziwa dzina lake. Watenga cholakwa chako n'kuchisandutsa msana wa buku. Sindinayembekezere zimenezo, ndipo ndachonga katatu. Ndiponso pamene awiriwo akufika pa chitsime n'kumuitana, iye ali m'kati mwa chitsimecho pa mwala wotulukira m'mbali, akukana kuyankha poyesa kuti ndi chinthucho. Kuitana sikunakwane, Rozi anachita kutsika n'kumugwira dzanja. Pamenepo a Rozi enieni anati, "Mwaona? Ndinanena ine," ngati anatsikadi.

Zofooka zilipobe. Mawu a Luwiza omaliza, masamba awiri onena za umodzi wa anthu osauka, uchotse onse. Munthu amene watulutsa mnzake m'chitsime amapempha madzi akumwa, sachititsa msonkhano. Galu wa maso ofiira akadali pa tsamba 140. A kampani akafuna mano, uwajambulire balani ndi utsi. Wachiwiri kufa uja sindikumudziwabe, mupatse tsamba limodzi akadali moyo. Ndipo anthu ako tsopano akudya kwambiri, mutu wachinayi wasanduka ukwati.

Ndikudziwa kuti ukufuna kumva ngati a Stelia akukhululukira. Anamvetsera mpaka kumapeto osaswa mtedza ngakhale umodzi. Nditamaliza anafunsa, "Nanga ndowa ija anaitenga?" Ndinayang'ana. Sanaitenge. Akuti ndikuuze kuti munthu sasiya ndowa, ndipo ukadzabwera pa Khirisimasi udzawafotokozere wekha. Udzagona kwa atsibweni ako. Makiyi a nyumba yako ali pa chingwe m'khosi mwa a Stelia, mabuku ako a sekondale ndawasamutsira kwanga, ndipo denga likudontha pakona ya kum'mawa, ubwere ndi misomali.

Tumiza buku lako ku kampani. Ndi labwino kuposa mmene linabwerera.

Masamba onse: 197
Mitu: 12
Analowa m'balani: 9
Anafa: 6
Anatuluka: 3
6 kuphatikiza 3: 9
Mawu olakwika otsala: 12
Omvera pakhonde poyamba: 4
Omvera pakhonde pomaliza: 4
Ndowa: 1, ikadali ku chitsime

Ndine mayi ako,
Esitele Mbewe